Bodza Langa pa Funso la Nambala 14

1

Dzina langa ndine Perpetua, ndimakhala ku Braunstone mumzinda wa Leicester, ndipo ndinanamapo pa fomu ya boma. Ndayambira pomwepo dala, kuti amene mumakonda kuweruza anzanu muyambiretu, musavutike kudikira kumapeto. Bodza lake linali la liwu limodzi lokha, koma linatsala pang'ono kumanitsa mabuku ana makumi atatu osalakwa.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, koma Loweruka lililonse ndimasanduka mphunzitsi pa sukulu yathu ya Chichewa. Ndikati sukulu musaganize za nyumba yosanja ya mbendera panja. Ndi holo ya tchalitchi yomwe timabwereka kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko, kenako timapinda mipando mwachangu kuti eni ake alowe. Anaiyambitsa ndi malemu amuna anga, a Maclean Chiwaula, atatopa ndi kumva mwana wathu Keturah akuyankha abale a ku Ntcheu pa foni m'Chingerezi chokhachokha. Iwo anatisiya mu 2012, ndipo upampando wa komiti unagwera mlongo wawo wamkulu, a Dyna, omwe ndi alamu anga.

A Dyna ndi namwino, mayi wamtali wa mawu aakulu. Akangotsokomola m'holo muja ana amakhala chete, ndi makolo omwe. Koma maliro atandigwera, ndi iwo amene anandinyamula. Anayendetsa mapepala onse otumizira thupi kumudzi, anandiphikira mwezi wathunthu, anandikalipira pamene ndinkakana kudya. Mpaka mu 2018, patatha zaka zisanu ndi chimodzi, ankandionetsabe kwa alendo kuti, "Awa ndi akazi a mlongo wanga."

Tsono laibulale ya sukulu yathuyo, abale inu, inali yomvetsa chisoni ndi yoseketsa pamodzi. Inali kabati imodzi yachitsulo, chitseko chake tinkamanga ndi chingwe cha nsapato. Mabuku ake anali a Sitandade 3 ndi 4, omwe anthu ankabwera nawo kuchokera kumudzi m'masutikesi momwemo muli usipa, moti ukatsegula kabatiyo ana ankagwira mphuno. Ambiri analibe masamba omaliza. Mwana ankawerenga nkhani mpaka pokoma penipeni, n'kupeza kuti yathera m'malere, basi n'kumandiyang'ana ine ngati tsambalo ndinadya ndine.

2

Mu Seputembala chaka chimenecho, pa msonkhano wa komiti, msungichuma wathu a Darlington anaimirira atanyamula mapepala. A Darlington ndi bambo wofatsa, wa magalasi, wogwira ntchito mu ofesi ya nyumba ina yosungiramo katundu. Aliyense ankadziwa kuti amakhala ku Normanton, ku Derby.

"Apampando, ndapeza mwayi," anatero. "Boma latsegula thumba lothandiza malaibulale a sukulu, ndipo sukulu za Loweruka ngati yathuyi akuzilola kuapulaya. Amagula mabuku, a zinenero za kwathu omwe, ndi mashelefu."

"Zaulere?" anafunsa a Dyna atatsinzina diso limodzi.

"Zaulere, koma fomu yake ndi ya masamba 22."

"Ndiye si zaulere zimenezo. Komabe tiyeni nazo."

"Chinanso, apampando, fomuyi asaine anthu awiri a m'komiti, koma asakhale pachibale."

"Aa, ndiye ine ndi make Keturah sitingasaine limodzi, ndife amodzi ife. Asaine mlembi ndi msungichuma. Perpetua, iwe ndi a Darlington. Alipo wotsutsa?"

Panalibe wotsutsa. A Darlington anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, pomwe anali oyera kale. Ine ndinaweramira buku langa la maminitsi, n'kumalemba mwakhama zinthu zomwe palibe ananena.

Masabata atatu otsatira inali nkhondo. Tinaimba mafoni ku masitolo a mabuku a ku Blantyre ndi ku Lilongwe kufunsa zomwe ali nazo, ndipo kwina anatiyankha kuti abwana apita kumaliro, tiimbenso sabata ya mawa. Kabati ija tinaijambula mbali zonse, chingwe cha nsapato chikuoneka bwinobwino. Mayi wina wa ku Chipata, amene ana ake amaphunzira nafe, anaumirira kuti pa mndandanda pakhalenso mabuku a ku Zambia, apo ayi achotsa ana ake onse anayi. Tinamuikira khumi, mtendere unabwerera.

Fomuyo inkafunanso makalata a makolo osonyeza kuti laibulale ikufunikadi. Makalata anabwera khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo onse anayamba ndi kufunsa boma la Britain za moyo wake, n'kulidziwitsa kuti kuno tonse tili bwino kupatula chimfine. Ndinafuna kuwakonza, a Dyna anakana. Anati ulemu sunaphepo munthu, atumizidwe momwemo.

Pa funso loti tikuyembekezera zotsatira zotani, alamu anga anangoti, "Lembani kuti ana awerenge, basi." A Darlington anatenga timawu timeneto n'kutitambasula mpaka tsamba lathunthu la Chingerezi chonona. Atatiwerengera, makolo anaomba m'manja ngakhale ena sanamve kanthu.

3

Linatsala funso limodzi. Tinalisiya dala mpaka tsiku lotsekera, Lachinayi masana, ine ndili pa ofu kuntchito. Tinakhala pa tebulo la kukhitchini kwanga, laputopu ili pakati.

A Darlington analiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga Mawu m'tchalitchi. Funso la nambala 14 linkafunsa ngati osaina awiriwo ali pachibale, ali pabanja, kapena amakhala nyumba imodzi. Pansi pake panali timabokosi tiwiri, ka Inde ndi ka Ayi.

"Pepe, apa tichonga pati?" anandifunsa.

"Pa Ayi."

"Perpetua."

"Ndati pa Ayi. Pamaso pa anthu akwathu inu ndinu msungichuma, ine ndine mlembi. Bodza lili pati pamenepo?"

"Fomuyi sanalembe ndi anthu akwanu. Alemba ndi eni dziko, ndipo amenewa amafufuza."

"Afufuze chiyani? Akufuna ana awerenge kapena akufuna miseche? Mukachonga Inde, fomu ibwerera ku komiti, alamu anga afunsa chifukwa chake. Muwayankha ndinu?"

Apo bambo anazizira. A Darlington saopa abwana awo, saopa kuyendetsa galimoto pa msewu waukulu wa M1 chipale chofewa chikugwa, koma a Dyna amawaopa. Ndinakoka laputopu ija, ndinachonga Ayi, pa keyala yawo ndinalemba ya ku Normanton, n'kudina batani lotumizira ndisanasinthe maganizo. Kenako ndinatereka ketulo n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya mokweza kuti ndisamve zomwe mtima unkandiuza.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwamwetulira kale, mukuti mwaitulukira nkhani yonse. Mwatulukira theka lokha, tadekhani.

4

Patapita mwezi ndi theka imelo inafika. Tinali titapambana gawo loyamba, ndipo mkulu wina wa ku ofesi ya thumbalo ku Nottingham adzabwera Loweruka kudzaona sukulu ndi maso ake. A Dyna anaimba nthungululu pa foni, khutu langa linalira tsiku lonse.

Kukonzekera kwake kunali ngati tikulandira bishopu. Ana anaphunzitsidwa kupereka moni ndi manja awiri, ndipo anachenjezedwa kuti aliyense woyankha m'Chingerezi tsiku limenelo adzakumana ndi a Dyna panja. Amayi anakazinga mandasi odzaza mabeseni awiri. Ngakhale kabati ija tinaipukuta ndi polishi.

Mlendo anafika 11 koloko yeniyeni. Anali mayi wachimwenye wa zaka za m'ma 50, atavala mpango wobiriwira kumutu, dzina lawo Mayi Zaibunisa. Ankalankhula Chingerezi cha konkuno, akulemba m'kabuku kawo. Ana anaimba, kamtsikana kena kanalakatula ndakatulo n'kuiwala pakati, tonse tinaomba m'manja mwamphamvu kuti tikwirire. Mlendoyo ali pafupi nafe akuyang'ana zojambula za pakhoma, a Darlington anandinong'oneza m'Chichewa, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti palibe mlendo angamve.

"Makiyi a khomo lakumaso mwawasiya pati m'mawa muja? Ine ndatulukira kuseri."

"Takhalani chete inu," ndinayankha, uku ndikumwetulira mlendo.

Kenako tinafika pa kabati. A Dyna anamasula chingwe chija mwaulemu wonse. Mayi Zaibunisa anatola buku limodzi, analitsegula, analinunkhiza, n'kutseka maso.

"Koma uwu ndi usipa!" anatero m'Chichewa chomveka bwino. "Mayo ine, zaka makumi anayi!"

M'holo monse munabuka phokoso. Zinapezeka kuti mayiwo anabadwira ku Limbe, bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo anabwera ku Leicester ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. A Dyna anawakumbatira ngati m'bale wosowa kalekale, amayi anayamba kuwalongedzera mandasi m'pepala. Aliyense ankaseka. Ine ndekha ndi amene sindinaseke, chifukwa ndinakumbukira za makiyi aja.

Asanatsanzike, Mayi Zaibunisa anati, "Ndingaonane nawo pambali osaina awiri aja? Mphindi zisanu zokha."

5

Tinalowa m'kakhitchini ka holoyo, iwo n'kutseka chitseko. Anakhala pa mpando, ife tinaima ngati ana oitanidwa ku ofesi ya ahedi.

"Sukulu yanu ndaikonda, ndipo ndikufuna mabuku abwere," anayamba motero. "Koma tisanapereke thandizo timafufuza osaina. Fomu ikuti a Darlington amakhala ku Derby. Laisensi yawo yoyendetsera galimoto ikuti amakhala ku Braunstone, nyumba yomweyo imene mumakhala inu, mayi. Ndimati mwina makina alakwitsa, mpaka pamene ndamva za makiyi."

Ndinacheukira a Darlington. "Munasintha keyala pa laisensi?"

"Lamulo limatero, Pepe. Ukasamuka umayenera kuwadziwitsa."

Munthu wa malamulo ameneyu, abale! Galimoto ankaiimika misewu iwiri kutali ndi nyumba kuti Amalawi asaione, koma boma anakaliuza yekha.

"Tsono ndiuzeni zoona," anatero Mayi Zaibunisa. "Ndi chibwenzi?"

Apa ndi pamene ndiyenera kukuululirani nanunso. Sichinali chibwenzi. Ine ndi a Darlington tinali titakwatirana kale. Tinamangitsa ukwati ku ofesi ya boma m'tauni pa 16 Malichi chaka chomwecho, Lachisanu m'mawa, ndipo masana ake ndinakalowa shifiti ngati palibe chachitika. Chikondi chathu chinayamba chaka cham'mbuyo mwake, tikupinda mipando ya m'holo. Iwo banja lawo loyamba linatha kalekale, ine ndinali nditatopa ndi kudya ndekha chipitireni Keturah ku yunivesite. A Darlington anandiuza mosabisa kuti iwo ndi munthu wopemphera, zolowa m'nyumba ya mayi mozemba popanda ukwati sangachite. Ndiye tinakasaina. Kupatula mboni zathu, ankadziwa ndi Keturah yekha, ndipo iye anangoseka n'kunena kuti azakhali ake tikawauze tokha.

Vuto linali limodzi, ndinali ndisanasudzulidwe. Kwathu mwamuna akamwalira, mkazi sangonyamuka n'kukakwatiwa kwina. Akuchimuna amayenera kukhala pansi ndi kumumasula, kumuuza kuti maliro atha, tsopano ndi mfulu. Kwa ine zimenezo zinali zisanachitike. Titangoika maliro ndinathamangira kuno ku ntchito ndi sukulu ya mwana, ndipo palibe anaitchulanso nkhaniyo. Tinapangana ndi a Darlington kuti mu Ogasiti tidzapita ku Ntcheu kukapempha mwaulemu, kenako tidzachite chinkhoswe anthu adziwe. Ogasiti anafika, ine mantha anandigwira, ndinanamizira kuti kuntchito andikaniza tchuthi. Ndiye m'mutu mwangamu ndinkati ukwati wopanda ankhoswe si ukwati woti n'kuulemba pa fomu. Ndinkadzinamiza choncho, ndipo tulo ndinkagona.

Zonsezi ndinawafotokozera Mayi Zaibunisa misozi ili chilengelenge. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Za kusudzula ndikuzidziwa, ndinakulira komweko," anatero. "Koma boma la kuno limadziwa setifiketi yokha. Fomuyi ikapita momwe ililimu, ndiyenera kulemba kuti munanama. Adzaikana, ndipo sukulu yanu sidzaloledwa kupemphanso kwa zaka ziwiri."

Zaka ziwiri! Kunja kwa chitseko ndinkamva ana akulimbirana mandasi, osadziwa kuti aphunzitsi awo awadyera mabuku. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

"Njira ilipo imodzi, poti thandizo silinatuluke," anapitiriza. "Mmodzi wa inu achoke pa fomu, asaine wina. Ndipo apampando alembe kalata yonena kuti adziwitsidwa kuti mlembi ndi msungichuma ndi banja. Zindipeze Lachisanu lisanathe. Apampando ndi ati?"

"Ndi aja anakukumbatirani aja," anatero a Darlington ndi mawu a munthu wodwala. "Mlongo wawo wa malemu."

Mayi Zaibunisa anagwira pakamwa. "Pepani ndithu," anatero, n'kunyamula mandasi awo.

6

Mawa lake ndinapita kukadya kwa a Dyna, pakuti chimwalirireni a Maclean sindinaphonyepo Lamlungu kunyumba kwawo. Katatu konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, katatu konse ndinangopempha mchere. Iwo anali pa chisangalalo, akukonza kale poika mashelefu. Lolemba ndinati mutu ukundipweteka. Lachiwiri a Darlington anavala nsapato n'kunena kuti, "Ngati simupita, ndipita ndine." Ndinawakhazika pansi msanga. Nkhani yotere kukaimva kwa mwamuna wake yemweyo, ndiye kukanakhala kuwanyoza kawiri alamu anga.

Lachitatu masana ndinakwera basi. Ndinawapeza akusita mayunifomu pabalaza. Sindinakhale pa sofa, ndinakhala pansi pa kapeti miyendo nditatambasula.

"Iwe, wamwalira ndani?" anafunsa.

"Palibe, alamu."

"Nanga pansipo ukutani? Mipando yatha?"

"Alamu, ndakulakwirani. Ndalakwiranso sukulu."

Ndinanena zonse, kuyambira pa funso la nambala 14, kubwerera m'mbuyo mpaka pa 16 Malichi. Mutu sindinadzutse. Nditamaliza, simbi inali ikutulutsabe nthunzi. Kenako anaizimitsa.

"Malichi," anatero. "Miyezi isanu ndi itatu."

"Eya, alamu."

"Mboni anali ndani?"

"Valli, mnzanga wa kuntchito, ndi a Nazir."

"Nazir wake uti?"

"Wa takisi, amene anatitengera kumeneko."

"Wa takisi!" Mawu anakwera mpaka kudenga. "Ine ndili pano, masiteji anayi okha a basi, iwe n'kukagwira munthu wa takisi kuti akuimirire pa ukwati? Mita anaisiya ikuyenda?"

"Anazimitsa, alamu."

"Unavala chiyani?"

"Diresi ya buluu ija munandigulira pa Khirisimasi."

"Ha! Diresi yanga inapita ku ukwati, mwini wake ayi!"

Ndinkayembekezera kuti tsopano atchula dzina la mlongo wawo, andinene wosayamika, andionetse khomo. M'malo mwake anakhala pa sofa mwadzidzidzi, ndipo ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachione chichokereni kumaliro. A Dyna ankalira.

Anadzuka n'kukwera m'mwamba. Ndinamva madilowa akutsegulidwa ndi kutsekedwa. Anatsika ndi envelopu ya khaki yopindika m'makona, n'kuiponya pamiyendo panga.

"Werenga."

Inali kalata ya pamanja yochokera kwa amalume awo a Maclean ku Ntcheu, ya mu Julayi 2015. Chaka chimenecho a Dyna anapita kumudzi kukamanga chiliza, ine ndinalephera chifukwa cha ntchito. Kalatayo inkati banja lonse linakhala pansi, ndipo poti ndili kutali, akundisudzula kudzera mwa Dyna. Inkati ndinasamala mwana wawo mpaka tsiku lake lomaliza, alibe nane chifukwa, ndipo ndikapeza munthu wabwino ndikwatiwe ndi madalitso awo. Pansi panali maina asanu ndi chidindo cha chala cha apongozi anga.

Ndinaiwerenga kawiri. "Alamu, iyi ndi ya zaka zitatu zapitazo."

"Madeti ndimadziwa kuwerenga."

"Nanga bwanji simunandipatse?"

"Chifukwa ndine wodzikonda. Ndi zimene ukufuna kumva?" Anapukuta m'maso ndi yunifomu yosita kale. "Ndinabwera nayo m'chikwama, ndinati ndikupatsa Lamlungu. Lamlungu linafika, unabwera ndi Keturah, tinadya, tinaseka. Ndinaganiza kuti ndikangokupatsa, chibale chatha. Ukhala mayi wina chabe wa ku Braunstone, tizingopatsana moni ku tchalitchi. Kuno ndili ndi ndani ine, Perpetua? Mlongo wanga ndinakamuika m'manda. Watsala ndiwe."

Abale, ndinalira ngati mwana. Ine kubisa mwamuna poopa kutaya alamu anga, iwo kubisa kalata poopa kutaya ine! Tinagwirana pa kapeti paja, amayi awiri akuluakulu, kulira uku tikuseka, mpaka a nyumba yoyandikana anagogoda khoma.

"Fomu ija ili kuti?" anatero pomaliza, akumina. "Bweretsa ndisaine, ana asavutike chifukwa cha zitsiru ziwiri. Ndipo Darlington wakoyo umuuze abwere Lamlungu. Abwere atavala jekete."

7

Kalata ya apampando inafika ku Nottingham Lachinayi. Pa fomu yatsopano anasaina a Dyna ndi a Darlington, ndipo pa funso lija anachonganso Ayi, koma ataimba kaye foni kufunsa ngati mwamuna wa mkazi wa malemu mlongo wako ndi m'bale wako. Mayi Zaibunisa anayankha kuti boma la kuno silinafike kumeneko.

Loweruka lotsatira ndinaimirira pamaso pa komiti ndi makolo, ndinaulula, ndinapepesa. Ndinkati anthu adabwa, ena akwiya. Mayi wa ku Chipata uja anangogwedeza phewa. "Ise tinaziba kudala," anatero m'kalankhulidwe ka kwawo, kutanthauza kuti anadziwa kalekale. "Motoka ija timaiona kuseri kwa shopu masiku onse." Zinapezeka kuti theka la Braunstone linkadziwa kuti pali kanthu, kungoti panalibe wolimba mtima woti akauze a Dyna. Za ukwati zokhazo ndi zimene zinawadzidzimutsa, ndipo amayi anandiimba mlandu woti ndinawamana phwando.

Yankho linabwera mu Januwale 2019. Tinapatsidwa. Mabuku anayenda pa sitima yapamadzi, makatoni n'kufika mu Meyi, mabuku a nkhani, a ndakatulo, a zithunzi, ndi madikishonale awiri aakulu. Tsiku lotsegulira laibulale ana anakhala pansi aliyense ndi lake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'holo muja munali chete a Dyna asanatsokomole. Madzulo ake, m'holo yomweyo, munachitika chinkhoswe chathu. Poti abale anga ali kutali, alamu anga anadzisankha okha kukhala nkhoswe ya kuchikazi, ndipo panalibe wotsutsa. A Nazir anaitanidwa. A Dyna anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anawaikira ntchafu ya nkhuku yaikulu kuposa zonse.

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, pakuti ndili bwino kuposa kale. Ndinanama, ndipo bodza langa likanalanga ana amene sanalakwe kanthu. Pamenepo ndilibe chodzikanira. Amene muli kunja kuno mukudziwa kuti timakhala ndi malamulo awiri, a kwathu ndi a eni dziko, ndipo tikapanikizika timathawira ku amene atikomera tsiku limenelo. Ine ndinabisala kuseri kwa mwambo, pomwe chenicheni anali mantha. Ngati pali munthu amene mukumubisira nkhani poopa kuti akusiyani, kwerani basi lero mukamuuze, musadikire fomu ya boma kuti ikukakamizeni. Mwina nayenso ali ndi envelopu yake m'dilowa, ndipo akuopa inu momwe mukumuopera.

Lamlungu lililonse ndimapitabe kwa a Dyna, tsopano tili awiri. Tikatha kudya, ine ndi alamu anga timakhala pa sofa kucheza, a Darlington ali kukhitchini akutsuka mbale. Jekete sanaloledwebe kuvula.